Ndidalemba Amayi Aang'ono pa Mndandanda wa Obwera

Amayi aang'ono si m'bale wathu wamagazi. Munthu aliyense wamkulu kwathu ku Liwaladzi ankadziwa zimenezi, ndipo panalibe amene ankazinena. Adafika nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, atawoloka nyanja pa bwato la asodzi, khanda lili kumsana, chovala chili chokhacho chimene chinali m'thupi. Amalume, mlongo wawo wa amayi anga, adawapeza pagombe m'mawa akupita kukawonjola maukonde. Adafika nawo pakhomo n'kuuza amayi kuti, "Mng'ono wako uyu wabwera, mupatse madzi asambe." Nkhani idathera pomwepo. Ine ndinali ndisanayambe sukulu, ndipo ndidakula ndikudziwa kuti ndili ndi amayi awiri, ena aatali ofatsa, ena aafupi osachedwa kukalipa.

Kwathu munthu ukamutchula m'bale pamaso pa anthu, basi ndi m'bale. Iwe sufotokoza, wina safunsa. Amalume atangowatchula kuti mlongo wanga, amayi aang'ono adalowa m'mbumba yathu, ndipo minda kuno imayenda ndi mbumba: ndi ya alongo ndi ana awo, mwamuna amangoiyang'anira. Choncho amalume adawadulira chigawo cha dambo, moyandikana ndi cha amayi, kuti azilimapo mpunga. Panalibe pepala, panalibe chidindo. Munda umenewo unkaima pa mawu amodzi okhawo, akuti mlongo, ndipo chifukwa cha mawu omwewo mwana wawo wamkazi, khanda lidabwera kumsana lija, ankayembekezera kudzautenga iwo akadzapita. Pa dziko lino amayi aang'ono analibe chinthu china choposa munda umenewo.

Amayi anga atamwalira ndili fomu thuu, ndi amayi aang'onowa adandilera. Ndi iwo ankandikoka khutu ndikayankha akulu mwamwano, zomwe zinkachitika kawirikawiri chifukwa pakamwa panga sipadikira mutu. Ndi iwo adagulitsa mpunga wa chaka chathunthu kuti ndikalowe kukoleji ya uphunzitsi ndili ndi sutukesi ngati anzanga. Ndipo ndi iwo adakandidikirira kuchipatala cha kuboma ndikuchira mwana wanga woyamba. Matenda adatenga masiku awiri. Tsiku lachiwirilo, ataona kuti ndayamba kulalatira anamwino, adandigwira dzanja n'kuyamba kundisimbira za kwawo kuti ndiiwale ululu. Adandiuza za mudzi wawo umene udatenthedwa, za mwamuna wawo amene adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali osabwereranso, za bwato lodontha limene ankakapamo madzi ndi mbale. Sadanene kuti ndisauze munthu. Panalibe chifukwa chonenera, ndinkadziwa ndekha. Nkhaniyo ndidaisunga zaka pafupifupi makumi awiri, kenaka n'kuitaya tsiku limodzi chifukwa chofuna kutamandidwa.

Ndimaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale. Tsiku lina chakumayambiriro kwa chaka, mvula ili pakati, pasukulu panafika galimoto yoyera yolembedwa m'zitseko. Munatuluka bambo wina wa ku Lilongwe wovala nsapato zosayenera matope athu, ndi mayi wachizungu woonda wa chipewa chachikulu. Ananena kuti ndi a bungwe lina la kunja loona za chikhalidwe. Ntchito yawo inali kukhazika pamodzi anthu a m'dera ndi anthu ochokera kwina, komanso timagulu tating'ono timene mawu awo samveka, kuti azikambirana, aziimba limodzi, azimvetsetsana. Zimenezi ankachita m'maiko angapo, ndipo nkhani za anthu ankazijambula n'kumasinthanitsa, kuti wothawa kwawo amene ali ku Ulaya amve za mnzake wa kuno, wa kuno amvenso za uko. Ankafuna munthu wodziwa midzi, wodziwanso Chingerezi, woti asankhe anthu ndi kumasulira. Ahedi anangoloza ine.

Ndisaname, ndinadzimva. Tsiku limenelo ndinayenda pamsika ngati msewu wa phula adaupangira ine.

Anandipatsa pepala logawidwa pakati. Kumanzere analemba kuti eni dera, kumanja obwera ndi magulu ang'onoang'ono. Kumanzere ndinadzaza tiyi asanazizire: mkulu wa mpingo, amayi a gulu la alimi a mpunga, ndi achimwene anga, amene ali m'komiti ya pagombe ndipo sakana msonkhano wokhala ndi nkhomaliro. Kumanja ndiko kunanditulutsa thukuta. Bambo wa ku Burundi wokhala ndi golosale pamsika anandimvetsera bwinobwino mpaka nditamaliza, n'kunena kuti, "Mayi, ine ndimagulitsa sopo ndi shuga. Za ine ayi." Asodzi ochokera kumpoto, amene amabwera kutsata usipa, anati afika ngati nyanja idzakhale yoipa tsikulo. Bambo wina wachikulire wa kuboma, Msilamu wa ndevu zoyera, anaseka mpaka kutsokomola.

"Wobwera ine? Agogo awo a agogo anga ndiwo adabwera pa chombo ndi nsalu. Ine ndidabadwira kuseri kwa mzikiti, mchombo wanga uli pomwepo. Koma ngati kuli tiyi wamkaka, lembani, inshallah ndifika."

Nditawaonetsa mndandanda, mayi wachizungu uja anathokoza, koma ndinaona kuti sanakhutire. Anafunsa ngati kuno kulibe munthu amene adathawa nkhondo, chifukwa ambiri a m'maiko enawo ndi otero ndipo angakonde kumva mnzawo. Bambo wa ku Lilongwe anati mphunzitsi amene anamupatsa ntchito ngati yangayi cha ku Mwadzama wafunafuna koma sanapeze. Tsopano ndikudziwa kuti sikuti sanapeze. Anthu otere alipo m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja muno, ndipo mnzangayo ayenera kuti ankawadziwa, kungoti iye anali ndi nzeru. Koma nthawiyo atangomutchula, ndinafuna kuti ndichite chimene iye walephera.

"Kwathu alipo," ndinatero. "Ndipo nkhani yawo mukaimva simudzaiiwala."

Mayiyo anandifunsa kawiri konse ngati kufotokoza poyera sikungawaike pamavuto. Izi ndiyenera kuzinena, chifukwa pambuyo pake ndinafunafuna woti ndimukankhire mlandu koma sindinamupeze. Iye anafunsa, ine n'kuyankha m'Chingerezi chosalala kuti ife anthu a kunyanja sitisankha munthu, mlendo timamulandira ngati m'bale. Mawu angawo anawalemba m'kabuku kake.

Amayi aang'ono ndinakawapeza kudambo Loweruka, akuwokera mpunga, madzi ali m'mawondo, kamtolo ka mbande kali kudzanja lamanzere. Ndinaima pamzere wouma, nsapato zili m'manja, n'kuwafotokozera. Sanaweramuke.

"Zimenezo zidapita kale, iwe. Ndikanene kwa ndani?"

"Kwa anthu, amayi. Ndi nkhani yothandiza. Kunja kuli anzanu amene adaona zomwezo."

"Ndiye anzangawo akamva, mbande izi ziwokeka zokha?"

"Komanso aliyense pamudzi pano akudziwa kale. Mukubisa chiyani?"

Apa anaweramuka, n'kupukuta nkhope ndi kuseri kwa dzanja.

"Akudziwa, inde. Nanga adandimvapo ndani ine ndikunena? Amalume ako wawafunsa?"

Amalume nthawi imeneyo anali atadwala sitiroko, akungogona pamphasa, mawu osamveka. Ndinati iwo sangakane. Amayi aang'ono anapukusa mutu n'kubwerera ku mbande zawo. Pamenepo mtima unandipsa. Ndinati ndawauza kale alendowo, dzina ndalemba kale, akakana ndiye kuti ine ndioneka wabodza pamaso pa ahedi ndi pamaso pa anthu ochokera kutali. Ndipo poona kuti sakuyankha, ndinawonjezera kuti mayi wondibereka sakanandichititsa manyazi otere.

Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero. Ndinawanena dala, ndikudziwa pamene akalase. Anaweramukanso, madzi akudontha ku mbande.

"Ngati ukuti uchita manyazi, ndipita," anatero. "Udzandiuze tsiku."

Panali pepala loti munthu aliyense avomereze kuti ajambulidwe ndi kuti kanemayo aonetsedwe kulikonse. Linali la masamba awiri, ndipo alendo aja anandiuza kuti ndiwawerengere amayi aang'ono lonse m'Chichewa, pang'onopang'ono, ndi kuwauza kuti ali ndi ufulu wokana. Ine ndinalifupikitsa: akuti mudinde apa. Anadinda ndi chala chimene chinali chidakali ndi matope m'chikhadabo.

Msonkhano unachitikira pa loji ina ku Ngala, pansi pa chisakasa chachikulu chofoleredwa ndi udzu. Pakhomo aliyense ankamuveka kakhadi m'khosi, kobiriwira kwa eni dera, kachikasu kwa enawo, kuti pogawa timagulu pasakhale chisokonezo. Kachikasu ka amayi aang'ono ndinawaveka ndine. Anali atavala chitenje chawo cha kumpingo ndi duku latsopano. Achimwene anali kale pampando, kobiriwira kali pachifuwa, ndipo atationa anangokweza nsidze.

Sindinganene kuti tsikulo linali lachabe. Nyanja inali yoipa, choncho asodzi a kumpoto anabwera, ndipo kwa nthawi yoyamba anakhala pansi ndi a komiti ya pagombe n'kukambirana za malo oyanikira usipa popanda kulozana zala. Bambo wa ndevu zoyera uja ndi mkulu wa mpingo anaseketsa anthu pokumbutsana mmene pa ukwati uliwonse Akhristu amathamangira kukafuna Msilamu woti azinge mbuzi, kuopa kuti theka la oitanidwa lingabwerere ndi njala. Azimayi anavina chiwoda. Mayi wachizungu anamanga chitenje n'kulowamo, anthu n'kumuombera m'manja chifukwa cha khama. Ine ndinali pena paliponse, cholembera chili m'tsitsi, kuuza anthu pokhala ndi nthawi yodzuka.

Titadya, inafika nthawi yojambula nkhani. Amayi aang'ono anawakhazika pampando kutsogolo, ine n'kuima pambali pawo ndi maikolofoni, kuilozetsa kukamwa kwawo akamalankhula, kuibweza kwanga pomasulira. Anayamba motsitsa, maso ali pa mawondo. Ananena zonse zimene adandiuza kuchipatala zija, ndi zina zimene sadandiuze: kuti amene adakwera bwatolo anali ambiri kuposa amene adatsika, kuti mawere adauma panjira, mwana n'kumamunyowetsa pakamwa ndi madzi a m'nyanja.  Ine ndinkasankha mawu a Chingerezi okoma, ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinkamvetsera mmene liwu langa likumvekera pa sipika.

Pomaliza mayi wachizungu anafunsa, kudzera mwa ine, kuti pakali pano amadziona ngati ndani pamudzi pathu. Amayi aang'ono anaomba m'manja pang'ono, mwaulemu.

"Ine ndine mlendo chabe," anatero. "Anthu awa adanditola, adandisunga bwino. Ndilibe changa, zonse ndi zawo."

Aliyense wokulira kwathu akudziwa kuti mawu otere sathera pamenepo. Munthu wamkulu akadzichepetsa chonchi pagulu, amasiyira abale ake mpata woti amutsutse. Wina wa pabanja amayenera kudula msangamsanga: ayi, musatero, inu ndinu mayi wathu, zonse ndi zanu. Ndi mmene timayankhulira pa chinkhoswe, pa maliro, paliponse. Wodzichepetsayo amadziwa kuti ayankhidwa, ndipo yankholo ndi limene anthu amapita nalo kwawo. Amayi aang'ono atamaliza anatembenuka n'kundiyang'ana. Abale awo pamalopo tinalipo awiri, ine ndi achimwene, ndipo maikolofoni inali m'manja mwanga.

Ndinaibweza kukamwa kwanga n'kumasulira. Ndinamasulira bwino kwambiri, osasiyapo kanthu, osawonjezerapo kanthu. Anthu anaomba m'manja, mayi wachizungu akupukuta misozi, wojambula n'kuzimitsa kamera. Achimwene anali atapinda manja pachifuwa, akuyang'ana kudenga.

Anthu akubalalika, bambo wa ndevu zoyera uja anandikodola.

"Mwana wanga, mayi amene amalankhulawa ndi ndani wako?"

"Ndi amayi anga aang'ono, bambo."

"Oo. Ndimayesa alibe munthu pano."

Anangonena zokhazo n'kutenga ndodo yake. Ine ndinaseka, chifukwa tsiku lonse anali akuseketsa anthu, ndipo ndinathamangira kukajambulitsa ndi alendo. Pobwerera pa matola amayi aang'ono sanalankhule, ine n'kumaganiza kuti atopa. Kakhadi kachikasu anavula okha n'kundipatsa tikutsika.

Kanemayo anatuluka patapita masabata angapo. Anafika pa foni ya mphunzitsi mnzanga, kenaka ya wa kabaza, kenaka ya aliyense. Anthu ankandiimitsa pamsika kundiyamikira Chingerezi. Anandiitana ku Lilongwe ku msonkhano wa masiku atatu, kumene anandiimika kutsogolo kuti ndiuze anzanga a m'maboma ena mmene ndinachitira kuti mayi wachikulire amasuke chonchija. Ndinawauza kuti chinsinsi ndi kukhulupirirana. Ndinabwera ndi satifiketi n'kuiika m'felemu. Nditamva kuti ana ena pasukulu ayamba kuitana adzukulu a amayi aang'ono kuti a Mozambiki, ndinawapatsa chibalo chosesa bwalo sabata yathunthu, n'kuganiza kuti ndakonza.

Mwana wa amayi aang'ono, amene ndinkagona naye mphasa imodzi tili ana, ndinakumana naye kuchigayo masiku omwewo. Anandikokera pambali.

"Akulu, zimene mwachitazi mudawafunsa bwinobwino mayi?"

"Anavomera okha. Chala chawo chilipo."

"Ine za bwatolo ndamvera pa foni ya wa kabaza, akulu. Ine amene ndinali kumsanako."

Ndinamuyankha kuti nkhani za anthu sizifunika kubisidwa, kuti dziko lasintha. Mawu amenewa ndinali nditangowamva ku Lilongwe ndipo ndinawatula pa iye momwe analili. Anasenza ufa wake n'kumapita.

Amalume anamwalira m'nyengo yozizira. Pa maliro amayi aang'ono anakhala m'siwa pamodzi ndi ife, analira ngati mlongo, ndipo palibe anawaletsa. Mtima wanga unakhala pansi. Koma patapita masiku atatu titaika, banja linasonkhana pansi pa mtengo wa mango kukambirana za woyang'anira mbumba ndi za minda. Udindo unagwera achimwene, monga mwana wamkulu wa mlongo wa malemu.

Ndinene chilungamo za achimwene. Si munthu wankhanza. Zaka zimenezi nyanja yakhala ikukwera n'kumeza minda ya kumunsi, chakumtunda kuli minda ya nzimbe, ndipo ana a mbumba akula. Mng'ono wanga ali ndi ana aakazi anayi, ine awiri, onse adzafuna polima. Ana amene amawasowetsa mtendere achimwene ndi amenewa, osati awo, chifukwa awo adzalima kwa mayi awo. Munda wa amayi aang'ono uli pokwererapo, madzi amafika bwino koma sumira. Amalume ali moyo palibe akanautchula.

Achimwene anatulutsa foni n'kuiika pamphasa pakati pathu. Tinamva liwu la amayi aang'ono: ine ndine mlendo chabe, ndilibe changa, zonse ndi zawo. Kenaka linamveka langa, likubwereza zomwezo m'Chingerezi.

"Palibe amene akuthamangitsa mayi," achimwene anatero. "Alime mpaka Mulungu adzawatenge. Koma mwamva nonse, anena okha, ndipo dziko lonse lamva. Mundawu ndi wobwereka. Akadzapita udzabwerera ku mbumba."

Mwana wa amayi aang'ono anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndinadzuka ngati ndakhalira linthumbu. Ndinalankhula zambiri. Ndinati achimwene ndi adyera, ndinati dothi la pamanda a amalume silinaume n'komwe, ndinati mawu aja anali aulemu chabe ndipo ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa. Achimwene anandisiya mpaka mpweya utandithera.

"Chemwali, khala pansi. Ine ndinafika ku Ngala n'kupeza dzina la mayi lili kale mbali inayo. Analemba ndani? Ngati anali mawu aulemu, bwanji sunawayankhe? Maikolofoni inali ndi iwe."

"Nanga inu munalibe pakamwa?"

"Ndinali napo. Koma ine ndinaitanidwa ngati mwini dera, ndipo ndiwe unandilemba choncho."

Ndinakhala pansi. Manyazi amene ndinawamva pamphasa paja sindinawamvepo chibadwire. Akuluakulu ena anayesa kufewetsa nkhani, koma aliyense pamenepo anali ndi mwana wofuna polima, ndipo chimene kale chinali chosatchulika tsopano chinali pa foni. Amayi aang'ono sanatsutse. Anangoti amva, n'kuthokoza kuti awalola kulima. Sanandiyang'ane n'kamodzi komwe. Choipitsitsa ndinachizindikira ndili m'njira kubwerera kunyumba: mundawo ukadzabwerera ku mbumba, ena mwa odzaulandira ndi ana anga.

Ndinaimbira bambo wa ku Lilongwe. Anadandaula kwambiri, kanemayo anamuchotsa sabata yomweyo, ndipo mayi wachizungu anandilembera kalata yaitali yopepesa, ngati kuti wolakwa anali iye. Anati akhoza kubwera kudzakambirana ndi banja. Ndinawauza kuti asavutike. Kanema anali atachoka kwa iwo koma m'mafoni a pamudzi analimo, ndipo ngakhale akanafufutika monse, anthu anali atamva. Ndinapita kwa achimwene kawiri, ulendo woyamba ndi ukali, wachiwiri ndi misozi. Ndinawauza kuti ana anga sadzapondamo m'mundamo. Anati zimenezo ndidzanene ndi ana angawo akadzakwatiwa, ndipo nkhani yogamulidwa ndi banja iwo okha sangaibweze. Ndinapitanso kwa amayi aang'ono kukapepesa. Anandiyalira mphasa, anandiphikira tiyi, n'kundifunsa za ana a sukulu. Nditayamba nkhaniyo anati zilibe kanthu, n'kukumbukira kuti ayenera kukavuula chinangwa chimene anaviika.

Mvula inabweranso, anawokera, mpunga unacha. Loweruka lina m'mawa, nyengo yokolola, ndikuchapa kuseri kwa nyumba, ndinamva odi. Ndinayankha kuti fikani, koma palibe anafika. Nditazungulira ndinapeza amayi aang'ono ataima kumapeto kwa bwalo, ndowa ya mpunga ili pamutu. Chimangire nyumba yanga sanaodirepo pakhomo pano, amangolowa mpaka kukhitchini n'kuyamba kundidzudzula za mapoto. Anatula ndowayo n'kugwada pamchenga.

Kwathu wolima munda wobwereka akakolola amatapako mpunga n'kukapereka kwa eni munda. Eniwo akalandira ndiye kuti amulola kulimanso chaka chamawa. Akakana, wobwerekayo amadziwa kuti afune kwina.

"Aphunzitsi," anatero, "tabwera ndi kampunga kothokoza."

"Amayi, dzukani. Chonde musandichite zimenezi. Ine ndine mwana wanu."

"Kwa achimwene anu ndapita, alandira. Kwa ang'ono anu ndapita, alandira. Kwatsala kuno."

"Ine sindingalandire. Mundawo ndi wanu."

"Mukakana, adzati mmodzi wa eni ake sanavomere." Ankayang'ana ndowa, osati ine. "Ndilibe kwina kolima, aphunzitsi."

Ndinaima pamenepo, manja ali thovu lokhalokha.  Ndinapukuta manja pa chitenje, ndinagwada, ndinalandira ndowayo ndi manja awiri. Ndinakakhuthula m'nyumba n'kubwera nayo yopanda kanthu. Anaitenga, koma sanadzuke.

"Ndiye chaka chamawa ndilime?"



"Limani, amayi," ndinatero.

Anaomba m'manja, anathokoza, n'kudzuka okha ndisanawagwire mkono.